Kasitomala Amabwelela Kumene Sananamizidwe

Bodza loyamba la tsiku limakupezani pa siteji, musanafike na ku nchito komwe. Basi yaima, injini ilila, kondakita amenya citseko na dzanja: “Town! Town! Babili cabe, tiyende!” Musuzumila, muona mitu ya anthu kumbuyo, mukwela. Mukangokhala pansi, anyamata atatu amene anali pa mpando wa kumbuyo atsika mmodzi-mmodzi na kuyamba kuitana anthu panja. Dilaiva asendeza basi pang'ono, abwelela, asendezanso. “Manje-manje” uja wasanduka theka la ola.

Palibe amene amapita ku polisi cifukwa ca zimenezi. Timangoti ni mwamene town ilili, aliyense afunika kudya. Koma onani cimene kabodza aka kacita kwa ise tonse. Masiku ano wokwela basi sakhulupilila pakamwa pa kondakita aliyense. Amaima patali, awelenga mitu, ayang'ana ngati okhala mkati ali na zikwama kapena ali manja-manja. Ndipo tsiku limene kondakita wina akamba zoona, kuti kwatsaladi mipando iwili, anthu amangomuyang'ana na kudikila basi ina. Wanama ni wina, wolipila ni wina.

Ni mmenenso zilili pa malonda onse mu Lusaka, kucokela pa mulu wa tomato mpaka pa cikwangwani cacikulu ca mu Great East Road. Kwa zaka zambili cilungamo tinali kuciona monga nkhani ya pa Sondo ku chechi. Mande kukaca, bizinesi ni bizinesi. Manje zinthu zayamba kutembenuka. Ndalama yavuta, foni ili m'manja mwa aliyense, ndipo wogula waphunzila kusunga cakukhosi. Wogulitsa amene sanaone kusintha kumeneku adzadabwa kuona tebulo la mnzake lili na anthu pamene lake lili na nchenche.

Meda, mulu na saka

Mayi aliyense amene amagula ku Soweto, ku Mtendere kapena ku Chawama amadziwa masamu amene saphunzitsidwa ku sukulu. Meda ya nyemba ingaoneke yodzala mpaka kusefukila, koma pansi pake panakankhidwila mkati. Saka ya malasha ili na mutu waukulu womangidwa bwino, malasha akulu-akulu pamwamba; mukafika pakati mupeza fumbi na tuzidutswa. Kapenta wa mcenga amalemela bwino pa sikelo, koma amakukutika m'kamwa. Tomato wabwino akhala pamwamba pa mulu, wophwanyika abisala pansi, ndipo dzanja limene liika mu pulasitiki limathamanga kupambana diso. Akale anati cikome-kome ca nkhuyu, mkati muli nyelele.

Koma tisafulumile kuloza cala amayi a pa tebulo. Ambili a iwo amayamba kunamizidwa ni iwo, kusanace. Bokosi ya tomato imene aoda ku Soweto mumdima nayonso ili na pamwamba na pansi pake, ndipo pakati pa mlimi na wooda pali anyamata amene amaikapo yawo. Belo ya salaula imagulidwa yomanga, simuitsegula musanalipile. Ingalembedwe giledi yoyamba koma mkati mupezamo nsanza zambili. Amene waluza pa oda amafuna pobwezela, ndipo pobwezela pake ni pa inu na ine.

Conco bodza limayenda monga ndalama, licoka m'manja umu, lilowa umu, mpaka lifika kwa amene alibe womupatsila: mayi wa mu komboni amene agula pamela ya unga na ka saladi ka madzulo amodzi. Wosauka ndiye amalipila kwambili, cifukwa amagula pang'ono-pang'ono tsiku na tsiku, ndipo tsiku lililonse ni mpata wina womudyela.

Bodza lovala tayi

Cinyengo ca mu maofesi sicinunkha thukuta, koma ni cimodzi-modzi. Sitolo ilemba “Sale” pa windo, mtengo wakale wokhwachidwa na inki yofiila, pamene mtengo wakalewo unakwezedwa dala kuti udzakhwachidwe. Paketi ya sopo ikhala pa mtengo wake wakale koma magalamu acepa: ni meda ija yokankhidwa pansi, yangovala pepala lowala. Mtengo wa pa shelufu na wa polipilila usiyana, ndipo amene ali na anthu khumi kumbuyo kwake pa mzele amacita manyazi kufunsa.

Bundle ilembedwa “unlimited” na zilembo zikulu, koma tuzilembo twa pansi tukamba kuti liwilo lidzatsika mukafika pakuti-pakuti. Nkhongole ya pa foni ikuuzani ndalama imene mudzalandila na mphindi zimene idzatenga. Cilango ca kucedwa kubweza mucidziwa mutadina kale. Otsatsa kubecha amaonetsa nkhope ya mmodzi amene anawina, koma onse amene anasiyako ndalama ya lendi saoneka pa cikwangwani. Pa mapolo a malaiti pali tumapepala twa mankhwala amodzi ocilitsa shuga na BP, obweza mkazi wothawa na kupasitsa mayeso. Tingaseke, koma wa BP amene wasiya mapilisi a ku kiliniki cifukwa ca botolo ija saseka.

Cilala ca 2024, cimene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza mu February caka cimeneco kuti ni tsoka la dziko lonse, cinatsitsa madzi ku Kariba, ndipo malaiti anayamba kuzima maola ambili pa tsiku. Aliyense anathamangila ma solar, mabatili na ma power bank. Ni pamene ambili anaphunzila kuti nambala yolembedwa pa katoni na mphamvu ili mkati si pacibale nthawi zonse. Liwu lakuti gong'a linali kale pakamwa pathu cifukwa ca nsapato na ma charger, koma gong'a wa batili amapweteka mosiyana: ni malipilo a mwezi wathunthu, ndipo nyama mu fuliji yaola.

Likalowa mu mphika

Pali katundu wina amene diso silingamuyese, ngakhale la mayi wodziwa msika bwanji. Mu August 2024, nduna ya zaumoyo, a Elijah Muchima, anauza dziko kuti agalu pafupi-fupi 400 anafa atadya zakudya zopangidwa na cimanga cokhala na aflatoxin, ndipo mwa zitsanzo 25 zimene zinatengedwa ku makampani ogaya, pafupi-fupi theka zinapezeka na poizoniyu wopitilila muyezo. Aflatoxin imacokela ku cuku cimene cimamela pa cimanga na nshawa zosauma bwino kapena zosungidwa ponyowa. Imaononga ciwindi, ndipo kuphika sikuicotsa. Mu unga wogayidwa kale simungaione.

Nkhani imeneyo inatikumbutsa cinthu cimene timaiwala. Munthu amene wanyamula saka ya 25kg ya breakfast kapena roller sanagule unga cabe, wagulanso mau a wogaya akuti cimanga cinayesedwa. Alibe njila ina yodziwila. Cimodzi-modzi na deti yolembedwa pa botolo ya mkaka, pa soseji kapena pa mankhwala a mwana. Wogulitsa amene afufuta deti yothela na kudinda ina sakuba ngwee, akusewela na moyo wa munthu.

Ambili a ise tikalandila malipilo a October kapena November timagula mbeu na fataleza zotumiza kumudzi. Bungwe la boma loyang'anila mbeu, Seed Control and Certification Institute la ku Chilanga, limacenjeza kawili-kawili za mbeu zabodza: cimanga wamba copakidwa utoto na kuikidwa mu paketi yooneka monga yeni-yeni. Bodza la tomato mulidziwa madzulo omwewo. Bodza la mbeu mulidziwa mvula itapita kale, agogo atalima, atapalila, munda utabala theka. Wogulitsa uja waba caka cathunthu ca banja.

Lamulo lilipo, koma alidziwa ni angati?

Ambili sadziwa kuti cikwangwani cija ca “No refund” cimene timaona mu masitolo n'coletsedwa. Lamulo la Competition and Consumer Protection Act la 2010 limaletsa wamalonda kupacika mau okana udindo wake kapena olanda wogula ufulu wake. Lamulo limodzi-modzilo limaletsa kunama za katundu, kugulitsa katundu woonongeka, na kulipilitsa mtengo woposa umene walembedwa pa shelufu. Kampani yopezeka na mlandu ingalipitsidwe mpaka 10 peresenti ya ndalama zonse zimene imapanga pa caka. Amene amalandila madandaulo ni a Competition and Consumer Protection Commission, CCPC mwacidule, ndipo cinthu coyamba cimene cimakuthandizani kumeneko ni lisiti.

Masikelo na mapampu a mafuta amayesedwa na a Zambia Metrology Agency, amene amamatapo stika akapeza kuti zili bwino. Ku buchala, musanayang'ane nyama, yang'anani stikayo. Mankhwala ali m'manja mwa ZAMRA. A Bank of Zambia amacenjeza nthawi na nthawi za magulu olonjeza kuti K500 yanu idzabala K1,000 pa milungu iwili. Ndalama imene alipila oyamba ni ya obwela pambuyo, ndipo obwela akatha, ofesi imapezeka yokhoma. Ngakhale anthu a nchito yotsatsa malonda ali na bungwe lawo lokhazikitsidwa na lamulo, Zambia Institute of Marketing.

Boma linaonetsapo kuti mau akuti “anthu afuna” sakwanila. Tujilijili tunali kuyenda malonda kupambana buledi, kondakita na mwana wa sukulu onse anali kukwanitsa mtengo wake, koma mu 2012 tunaletsedwa cifukwa ca zimene tunali kucita kwa acinyamata. Cinthu kugulika sikutanthauza kuti n'coyenela kugulitsa.

Komabe lamulo lili na miyendo yaifupi. Woyesa masikelo sangafike pa meda iliyonse ya mu Kanyama, ndipo munthu amene wadyeledwa K5 sangalipile basi kupita na kubwela kuti akadandaule. Cimene casintha zinthu kwambili mu zaka izi si ofesi, ni kafoni kali mu thumba mwanu.

Malonda osagwila na manja

Kale malonda anali m'maso: muona, mugwila, muyesa, ndiye mulipila. Manje madilesi, mawigi, nsapato na mafoni zigulitsidwa pa Facebook, pa TikTok na pa status ya WhatsApp. Mutuma ndalama pa Airtel Money kapena MTN MoMo, katundu abwela pa njinga yamoto kapena pa basi yocokela ku Nakonde. Pa nthawi imene mudina PIN, cimene muli naco ni cithunzi na mau a munthu amene simunamuonepo. Pa malonda otele, kukhulupilika ndiye katundu weni-weni. Dilesi imabwela pambuyo.

Akawalala anazindikila izi msanga. Ni ndani sanalandilepo meseji ija yakuti ndalama ija mutume pa nambala iyi? Ni ndani sadziwa munthu amene analipila dipoziti ya nyumba ya lendi imene kulibe? Nsomba ikaola imodzi, zonse zaola. Mtsikana woona mtima amene agulitsa zitenge pa foni amayamba tsiku lililonse na mlandu wa ena: afunika kuonetsa nkhope, kuonetsa kumene apezeka, kutuma vidiyo ya katundu, kapena kuvomela kuti mudzalipila katundu akafika, iye n'kutenga ngozi yonse.

Koma foni yomweyo yapatsa wogula pakamwa. Kale wonyenga anali kungosamuka, lelo ku Kamwala, mawa ku Matero, kukapeza nkhope zatsopano. Manje screenshot imafika ku Matero iye asanakwele basi. Cithunzi ca “cimene n'naoda na cimene cabwela” cimazungulila magulu a WhatsApp a ku chechi, a ku nchito na a makolo a ku sukulu tsiku limodzi. Dilaiva wa Yango adziwa kuti wokwela aliyense ali na nyenyezi zopatsa kapena zomana. Bizinesi imene inamangidwa zaka zisanu ingagwe Cisanu cimodzi.

Mpeni umenewu ni wakuthwa konse-konse. Wansanje angaipitse dzina la mnzake na nkhani yopeka, ndipo anthu amagawana asanafunse. Palinso ochuka a pa intaneti amene amalipidwa kuti atamande mafuta oyeletsa khungu kapena tiyi yocepetsa mimba imene sanamwepo, osaulula kuti alipidwa. Amene amawatsatila ayamba kufunsa: mwagwilitsila nchito imwe, olo mwalipiliwa cabe? Funso limenelo likamveka kawili-kawili, ochuka nawonso adzaphunzila kuti dzina limatha monga bundle.

Capital ya amene alibe capital

Kampani yaikulu ikaipitsa dzina ingagule cikwangwani cina, kusintha mtundu wa paketi na kuitana woimba. Wa kantemba alibe zimenezo. Cikwangwani cake ni pakamwa pa aneba.

Tiyelekeze mayi amene agula ndiwo za K30 pa tebulo limodzi masiku 26 pa mwezi. Imeneyo ni K780. Wogulitsa akamubisila tomato woola wa K2, wapindula K2 lelo. Mayiyo sadzakangana naye, ambili sakangana. Mawa adzangopitilila, maso kutsogolo, kukaima pa tebulo lacitatu, ndipo mnzake wa pa mpopi adzamva cifukwa cake. Wogulitsa uja sadzadziwa n'komwe tsiku limene anataya K780 pa mwezi. Adzati bizinesi yavuta, kapena wina wamuloza.

Yang'anani amene akhalitsa pa malonda mu komboni yanu. Ni makanika amene amakubwezelani sipeya yakale m'manja kuti muone kuti wasinthadi. Ni wokonza mafoni wa mu town amene amakuuzani poyela: “Iyi ni original, iyi ni copy, mitengo ni iyi, sankhani mweka.” Sanataye kasitomala pokamba kuti copy ni copy, wapeza munthu amene adzabwela na foni ya mkazi wake na ya mlamu wake. Ni telala amene amati “sinizakwanisa pa Cisanu” m'malo molandila citenge ca cikwati na kuzima foni. Ni wa booth amene amakuitanani mutapita kale kuti mwasiya K20.

Kukhulupilika kumagulanso zimene ndalama sizigula. Wa holoselo ku Kamwala amapatsa katundu wa nkhongole kwa amene anabweza nthawi yatha. Cilimba na village banking zimaima pa mau cabe, ndipo amene anathawapo na ndalama ya gulu salowanso kwina. Munthu amene alibe nyumba yoika cikole ku banki ali na cikole cimodzi, dzina lake.

Tisanamizane, cilungamo sicilipila tsiku lomwelo, ndipo si paliponse pamene cimalipila. Pa Intercity, pamene wogula apita ku Chipata kapena ku Mongu ndipo sadzaonekanso, wogulitsa charger yakufa amapindula ndithu. Woona mtima amene meda yake ni yathunthu amaoneka wodula pafupi na mnzake wa meda yokankhidwa, ndipo pali masiku amene amabwelela ku nyumba na katundu. Apa m'pamene makomiti a misika na a masiteshoni ali na nchito. Amene amatolela ndalama ya tebulo tsiku lililonse angakwanitsenso kuika sikelo imodzi yoyesedwa pa geti, kuti wogula aliyense wokayikila ayesepo. Msika umene udzayamba kucita zimenezo sudzafunika kutsatsa.

Nanga ise ogula?

Nkhani iyi ili na mbali yathu. Alipo amene amaonetsa meseji yabodza ya mobile money na kunyamula katundu. Alipo amene dzina lawo lili mu kabuku ka nkhongole ku kantemba kucokela caka catha, ndipo asintha njila yopitila ku nyumba. Alipo amene amavala dilesi ku kitchen party pa Ciwelu na kuibweza pa Mande ati siinakwane. Mu basi, kondakita akaiwala kutenga ndalama, ni angati amamukumbutsa? Timadandaula kuti mafuta akakwela mtengo wa basi ukwela m'mawa mwake, akatsika utsika mokoka miyendo, ndipo dandaulo limenelo ni la zoona. Koma kondakita nayenso ali na cashing yopeleka madzulo, ndipo K2 iliyonse “yosakwana” imacoka pa nsima yake.

Palinso kutsitsa mtengo kopanda cifundo. Mu shopping mall timalipila zimene zalembedwa osatsegula pakamwa. Kwa mayi wa lepu na cibwabwa timakangana mpaka atsike pansi pa mtengo umene anaodela, ndiye tipemphanso mbasela. Tikamufinya conco tsiku na tsiku, tisadabwe mulu ukayamba kucepa. Wogula amene afuna muyezo wathunthu afunika kulolela mtengo wathunthu.

Zocita sizambili ndipo sizifuna ndalama. Pemphani lisiti na kuisunga. Welengani deti na magalamu, osati mtundu wa paketi cabe. Mbeu na mankhwala gulani kwa ogulitsa ovomelezeka, ngakhale mtengo ukwele pang'ono. Musatume ndalama kwa munthu amene akukufulumizitsani. Mukadyeledwa na sitolo, dandaulani ku CCPC m'malo mongotukwana mu basi. Ndipo mukapeza wogulitsa woona mtima, mucitileni cimene mumacitila wonyenga: muuzeni mnzanu. Mbili yoipa timaigawa mahala, yabwino timaiumila.

Mbasela inayamba monga mau opanda pakamwa: tomato mmodzi woonjezela, kutanthauza kuti mukabwelenso mawa. Wogulitsa wanzelu adziwa kuti tomato ameneyo sanamutaye, wamubyala. Koma mbasela yoikidwa pamwamba pa meda yokankhidwa ni kubweza munthu kacidutswa ka zimene mwamubela, ndipo ogula a masiku ano aphunzila kutembenuza meda na kuyang'ana pansi pake.